Ufa, mavocha ndi moto: mmene unduna wa zankhondo wa America unkayendera dziko likadali khanda

Funso: Moni akulu. Ine ndimagwira ntchito ku sitozi, madzulo ndimapanga kosi ya procurement. Aphunzitsi athu tsiku lina anangotchula modutsa kuti nkhani yoti wogula katundu asakhale yemweyo wosunga komanso wowerengera ndalama, a America anaiphunzira movutikira asilikali awo ataphedwa m'zaka za m'ma 1790. Sanafotokoze zambiri. Zinali bwanji kodi? Nthawi imeneyo foni kunalibe, kompyuta kunalibe, nde katundu wa asilikali ankagula ndani, ankalemba bwanji, ndipo kusolola kunalibe?

Yankho: Kusolola kunalipo achimwene, kochuluka ndithu, tiyambire pamenepo kuti mtima ukhale m'malo. Aphunzitsi anuwo sananame, kungoti ndiwakonze pang'ono. A America si amene anayambitsa nzeru yoti wogula, wosunga ndi wowerengera akhale anthu osiyana, amalonda ndi maboma a ku Ulaya ankachita kale zimenezo, ndipo Treasury yawo, unduna wa zachuma, yomwe inayamba mu 1789 pansi pa Alexander Hamilton inali kale ndi odita, comptroller (wowunikanso ntchito ya odita), wolemba m'kaundula ndi msungichuma, aliyense tebulo lake. Koma ku mbali ya asilikali zinthu zinkangoyenda mwa chidziwano mpaka anthu oposa 600 atafera m'nkhalango m'mawa umodzi, pa 4 Novembala 1791. Mpamene anadzidzimuka. Ndipo mankhwala amene anabweretsa anachiza nthenda imodzi n'kubala inzake, muona kutsogoloku.

Muchotse kaye m'mutu chithunzi cha Pentagon, chinyumba chachikulu cha unduna wa asilikali a America masiku ano. Nkhondo yomenyera ufulu itatha mu 1783, Congress, nyumba yawo ya malamulo, inalibe mphamvu yokhometsa msonkho, inkangopempha ma state kuti asonkhe, ena amasonkha ena ayi, komanso anthu ankaopa gulu la asilikali okhazikika kuti tsiku lina lidzalanda boma. Nde mu Juni 1784 anawauza onse kuti azipita kwawo, kusiya 80 okha. Eee 80. 55 ku West Point, 25 ku Fort Pitt, ntchito yawo kulondera zida zotsala pa nkhondo, kunena mosapsatira gulu lonse lankhondo la America tsiku limenelo linali alonda a ku sitozi. Tsiku lotsatira anavomereza kulemba ena 700 oti apite kumadzulo, cha ku mtsinje wa Ohio. Henry Knox, yemwe poyamba ankagulitsa mabuku ku Boston kenako n'kukhala mkulu wa mizinga wa George Washington, anapatsidwa ofesi ya zankhondo mu 1785, ndipo boma latsopano litayamba undunawo unakhazikitsidwa mwalamulo pa 7 Ogasiti 1789, iyeyo n'kupitiriza ngati nduna. Unduna wonse unali zipinda zingapo za lendi, nthawi ina mpaka m'nyumba ya Fraunces Tavern ku New York yomwe inali yodyeramo ndi kumweramo, muli nduna, makalaliki owerengeka pa zala ndi mesenjala basi.

Koma katundu amene anawasenzetsa, mmm. Malipiro a asilikali, zovala, mfuti ndi wonga, penshoni za olumala pa nkhondo yaufulu, mapepala a malo amene boma linalonjeza asilikali akale m'malo mwa ndalama, nkhani zonse zokhudza mafuko a eni dziko, ndipo kuyambira 1794 anawonjezera malinga a m'madoko ndi kukhoma sitima zankhondo chifukwa unduna wa asilikali a pamadzi kunalibe mpaka 1798. M'mapepala awo eni dzikowa amawalemba kuti Indian, musasokoneze ndi amwenye omwe timawadziwa ife, awa ndi a Miami, a Shawnee, a Delaware, a Creek, a Cherokee ndi ena ambiri, omwe anali pamalopo azungu asanabwere.

Poti ndinu a ku sitozi ndikupatseni manambala enieni. Lamulo la pa 30 Epulo 1790 linalemba phoso la msilikali mmodzi pa tsiku: paundi imodzi ya nyama ya ng'ombe, kapena magawo atatu mwa anayi a paundi ngati ili ya nkhumba, paundi imodzi ya buledi kapena ufa wa tirigu, ndi kamowa kaukali, ramu, burande kapena wisiki, theka la gill, komwe ndi pafupifupi mamililita 60. Paundi ndi magalamu pafupifupi 450. Ndiye pa maphoso 100 aliwonse pankabwera kwati imodzi (pafupifupi lita imodzi) ya mchere, makwati awiri a viniga, mapaundi awiri a sopo ndi paundi imodzi ya makandulo. Zovala pa chaka zinalembedwanso chimodzichimodzi, chipewa chimodzi, jekete limodzi, malaya anayi, nsapato mapeyala anayi, bulangete limodzi, choncho. Malipiro a msilikali wamba madola 3 pa mwezi, koma amadulapo masenti 90 a zovala ndi masenti 10 a mankhwala, m'manja mumafika madola 2, akafika n'komwe. Knox ankalandira 3,000 pa chaka.

Papepala zonse zili bwinobwino eti. Vuto linali loti amene amabweretsa chakudyacho si boma. Kuyambira 1781, nthawi ya Robert Morris yemwe ankayang'anira chuma cha boma, anasankha njira ya makontilakiti chifukwa inkaoneka yotchipa: boma limalengeza mu nyuzi, amalonda amapikisana, wopambana amalonjeza kupereka phoso limodzi pa mtengo wakuti ku kampu yakuti, mtengo ukukwera kampu ikamatalikira. Iyeyo amagula, iyeyo amanyamula, ndipo munthu wake ndi amene amakhala pa kampu kugawira asilikali. Taganizani bwino pamenepo. Kontilakitala ndi munthu wamba, kazembe sangamuike m'chitokosi ngati msilikali. Phindu lake ndi kusiyana kwa mtengo wa boma ndi zimene wawononga, nde ufa wofumbwa, nyama yowonda ndi mahatchi ochepa ndiye phindu lakelo. Ndipo asilikali akasuntha kulowa m'tchire, kwa iye ndi luzi yokhayokha, sangathamange.

Njira nayo inali yosautsa. Tengani mgolo umodzi wa ufa, mapaundi 196, pafupifupi makilo 89, kapena bokosi la nsapato lochokera ku Philadelphia. Likwere ngolo ya mahatchi kudutsa mapiri a Allegheny makilomita pafupifupi 480 kukafika ku Pittsburgh, masabata angapo m'matope. Pamenepo lidikire madzi, chifukwa nthawi yotentha mtsinje wa Ohio umaphwa maboti amatitimira mu mchenga, nthawi yozizira umaundana. Madzi akakwera liyende makilomita ena oposa 700 kukafika ku Fort Washington, pomwe lero pali mzinda wa Cincinnati. Kuchoka apo kupita kumpoto msewu kulibe, ufa umathiridwa m'matumba n'kukwezedwa pamsana pa mahatchi, ng'ombe zimayenda zokha kukaphedwera komweko. Asilikali 2,000 amadya mapaundi 2,000 a ufa tsiku lililonse, migolo khumi ndi kanthu, tsiku lililonse osapuma, ndipo hatchi yonyamulayo nayo imafuna kudya, udzu ukapsa ndi chisanu imangogwa panjira.

Tsopano 1791. Chaka cham'mbuyo, mu Okutobala 1790, kazembe Josiah Harmar anali atakwapulidwa kale ndi a Miami ndi anzawo, nde boma linatuma Arthur St. Clair, bwanamkubwa wa dera la Northwest Territory, kumpoto kwa mtsinje wa Ohio, mkulu wodwaladwala nyamakazi ya m'mapazi moti pena amachita kumunyamula. Kontilakiti ya chakudya papepala inapita kwa Theodosius Fowler, koma mwini wake weniweni anali William Duer, yemwe chaka chapitacho anali wachiwiri kwa Hamilton ku Treasury komweko. Mwamva? Munthu wangotuluka mu ofesi yopereka ndalama, wazungulira kuseri, walowanso ngati sapulaya pa dzina la mnzake. Ndipo chaka chomwecho Duer ndi nduna Knox anali pa bizinesi imodzi yogula malo aakulu zedi ku Maine. Duer analandira ndalama za adivansi ku boma, mtima wake wonse uli pa njuga ya masheya ndi malo ku New York, anthu ake kumadzulo akusowa chogulira ufa ndi mahatchi.

Mbali ya zida ndi mahema inali m'manja mwa quartermaster, kutanthauza mkulu woona za katundu ndi mtengatenga wa asilikali, Samuel Hodgdon, munthu wa Knox wakalekale. Ulendo umayenera kuyamba mu Julayi, iye anakafika ku Fort Washington mu Sepitembala. Zimene anapeza asilikali m'mabokosi ndi zomvetsa chisoni, nkhwangwa zopindika ukangotema mtengo pamene ntchito yonse inali kulambula msewu m'nkhalango, zishalo zonyamulira katundu zazikulu mopitirira zosakhala pamsana pa hatchi, mahema odontha, mfuti zina zofunika kukonza kaye, zovala zosalimba, wonga womwe ambiri ankaudandaula. Mahatchi ambiri anasochera ndi kubedwa chifukwa chosowa tinthu ting'onoting'ono, mabelu a m'khosi ndi zingwe zomangira miyendo usiku. Gulu linanyamuka mochedwa, chisanu chayamba, phoso la ufa n'kudulidwa, ena mwa asilikali anali olembedwa kwa miyezi 6 yokha ndipo nthawi yawo inkatha ali panjira, osalipidwa.

Pa 31 Okutobala anthu pafupifupi 60 a militia, anthu wamba oitanidwa kudzathandiza asilikali, anathawa, n'kumveka kuti akufuna kukalanda ufa umene unali m'njira. St. Clair anaona kuti ufa umenewo ukapita onse afa ndi njala, nde anatuma First Regiment, asilikali ake odziwa ntchito kuposa onse, kubwerera m'mbuyo kukauteteza. Patangopita masiku anayi, m'bandakucha, ankhondo a Little Turtle wa a Miami ndi Blue Jacket wa a Shawnee anazinga kampu m'mphepete mwa mtsinje wa Wabash. Asilikali abwino aja kulibe, ali kolondera matumba. Sindikuchepetsa nzeru za Little Turtle ndi anzake ayi, anamenya nkhondo mwaluso ndipo amateteza kwawo, mwina akanapambanabe. Koma amene anachotsa regimenti ija pamalo ake ndi ufa wa Duer.

Ku Philadelphia, komwe kunali likulu nthawi imeneyo, kunatentha. Pa 27 Malichi 1792 nyumba ya malamulo inakhazikitsa komiti yofufuza, kanali koyamba Congress kufufuza boma, ndipo inaitanitsa mapepala a unduna. Washington anasonkhanitsa nduna zake kukambirana ngati pulezidenti angakane kupereka mapepala, anagwirizana kuti angakane ngati kuwatulutsa kungawononge dziko, koma ulendo uno anapereka. Mkangano umene mumaumva mpaka lero ku America wa zinsinsi za pulezidenti unayambira pa mavocha a nkhwangwa ndi zishalo. Mu Meyi komiti inati St. Clair alibe mlandu, vuto linali kwa quartermaster ndi makontilakitala. Knox ndi Hodgdon anakalipa, anabweretsa mulu wa mapepala odziteteza, lipoti linalembedwanso mu Febuluwale 1793 mawu ena atafewetsedwa, ndipo palibe amene analangidwa chifukwa cha Wabash. Duer analowa m'ndende inde, mu Malichi 1792, koma ndende ya angongole, njuga yake itagwa n'kugwetsa msika wonse wa New York, Treasury nayo ikumufuna madola oposa 200,000 a maakaunti akale osatsekedwa. Anamwalira mu 1799 ngongole zikadali pakhosi. Nanga Hodgdon? Mu 1794 anamupatsa udindo woyang'anira sitozi zonse za asilikali m'dziko lonse. Ine ndikawerenga pamenepo ndimangoseka, munthu akakhala wa bwana sagwa, amangosamutsidwa.

Chimene aphunzitsi anu amanena ndi lamulo la pa 8 Meyi 1792. Linachita zinthu ziwiri zazikulu. Linalanda unduna wa zankhondo mphamvu yogula, kuti kugula konse ndi makontilakiti onse azichitikira ku Treasury. Linakhazikitsanso ofesi ya akauntanti wa unduna wa zankhondo, woyamba anali Joseph Howell, woti aliyense wogwira ndalama za asilikali azikayankha kwa iye, iyenso mabuku ake azikawunikidwa ku Treasury. Kenako zina zinatsatira, Caleb Swan anakhala wolipira asilikali ndipo amakhala nawo kumadzulo komweko, mu 1794 ofesi ya Superintendent of Military Stores ija ya Hodgdon, mu 1795 ofesi ya Purveyor of Public Supplies, wogula wamkulu wa boma, yomwe anapatsidwa Tench Francis. Nde wina amagula, wina amasunga, quartermaster amanyamula, wina amalipira, wina amawerengera.

Mmene ankalembera popanda kompyuta ndi apa pokoma, ndipo muona kuti zambiri mukuzidziwa kale. Tiyerekeze kaputeni wina ali ndi kampani ya asilikali ku kampu ya kutali. Pakapita nthawi amabwera ofisala wowerenga anthu, onse afole, aitanidwe mayina mmodzimmodzi, pa muster roll palembedwe amene alipo, wodwala, wothawa ndi deti lomwe anathawira, womwalira ndi deti lake. Ndandanda ya malipiro imachokera pa pepala limenelo, osati m'mutu mwa kaputeni, chifukwa ma ghost anali kale, munthu wathawa mu Malichi koma malipiro ake ndi phoso lake zikutulukabe mpaka Juni. Mapepala apite ku Philadelphia, akauntanti awerengetsere, nduna isayine warrant, chikalata chololeza kutulutsa ndalama, akauntanti asayinenso pansi pake, mpamene msungichuma amatulutsa ndalama. Wolipira uja akangolandira, ndalama yonseyo imalembedwa m'buku ngati ngongole yake iyeyo payekha. Anyamule, awoloke nayo mapiri, alipire, msilikali aliyense asayine, wosadziwa kulemba ajambule X pali mboni, kenako malisiti abwerere ku ofesi, ndipo ngongole yake imatsika ndi ndalama zokhazo zimene zili ndi pepala. Chimodzimodzi ofisala wopatsidwa ndalama zokalembera anthu usilikali, chimodzimodzi wa sitozi, amatumiza return yosonyeza zomwe anali nazo, zomwe walandira, zomwe watulutsa ndi kwa yani, ndi zotsala. Bulangete losowa pepala ndi lako, adula ku malipiro, ukakanika akusumira. Anthu ena amamwalira akaunti isanatsekedwe, amasiye n'kumalemberabe makalata ku ofesi zaka ndi zaka.

Ndipo kalata iliyonse yotuluka kalaliki amaikopera pamanja m'buku lalikulu la makalata, ndi nthenga ndi inki, mapepala ofunika amalembedwa awiri kapena atatu chifukwa boti likhoza kumira. Mugwire mfundo imeneyi, ibweranso.

Mu 1795 pa mpando wa akauntanti panakhala William Simmons, ndipo anakhalapo mpaka 1814. Ameneyu maofisala ankamuda kwambiri, amabweza akaunti chifukwa cha lisiti limodzi, amakana kulipira chinthu chimene lamulo silinatchule ngakhale kazembe atalamula, ankakangana ndi nduna zake zomwe, ndipo pomaliza anachotsedwa atayambana ndi nduna John Armstrong. Ine ndimamumvetsa mkuluyu. Ndinakhalapo pa tebulo lotere zaka zingapo pa ofesi ina, tsiku lina anandibweretsera malisiti 14 a masitolo osiyanasiyana koma 7 aliyense pa malisiti onsewo anali ndi kamchira kofanana, bolopeni imodzi, dzanja limodzi. Nditabweza, sabata yonse palibe amene anandipatsa moni pa kolido. Koma ndinenenso chilungamo, mtima wa Simmons uli ndi mtengo wake, ofisala woona mtima amene wagula chimanga cha mahatchi ndi ndalama za m'thumba mwake pakati pa tchire, kwa mlimi wosadziwa kulemba, nayenso amabwezedwa chimodzimodzi ndi wakuba.

Kodi zinathandiza? Pang'ono inde. Anthony Wayne, amene analowa m'malo mwa St. Clair mu 1792, sanapupulume. Anatha pafupifupi zaka ziwiri akuphunzitsa gulu lake lotchedwa Legion of the United States, akudalira mzere wa malinga kuchoka ku Fort Washington kupita kumpoto, Fort Hamilton, Fort St. Clair, Fort Jefferson mpaka Greenville, kuti ufa uzigona m'linga usiku osati patchire. Quartermaster wake James O'Hara anali wamalonda wa ku Pittsburgh wodziwa mtsinje ndi anthu ake, ndipo pa Pittsburgh pomwepo panali Isaac Craig wolandira ngolo ndi kukweza maboti. Koma makontilakitala analipobe, Robert Elliot ndi Elie Williams, ndipo makalata a Wayne adzaza ndi ukali pa iwowa, ufa wochepa, mahatchi ochepa, malonjezo okhaokha. Eni dziko nawo anali atadziwa pomenya. Mu Okutobala 1793 anagwira ngolo za katundu pafupi ndi Fort St. Clair, ndipo pa 30 Juni 1794 anaukira mahatchi mazana angapo omwe anali atangotsitsa ufa ku Fort Recovery, linga lomwe Wayne anamanga pamalo enieni pomwe anthu a St. Clair anafera, atatola kaye mafupa awo. Wayne anapambana pa Fallen Timbers pa 20 Ogasiti 1794, nkhondo ya ola limodzi kapena kuposera pang'ono itadya zaka ziwiri za kunyamula matumba. Elliot uja anaphedwa panjira pafupi ndi Fort Hamilton mu Okutobala chaka chomwecho, nde musaganize kuti makontilakitala onse ankangokhala ku tauni ngati Duer.

Pangano la ku Greenville la mu Ogasiti 1795 nalo linadutsa m'mabuku omwewa, katundu wa madola 20,000 pompopompo ndi wa madola 9,500 chaka chilichonse kwa mafuko aja, iwo n'kutaya gawo lalikulu la dera lomwe lero ndi Ohio. Mabulangete, maketulo, nsalu, zonse zili ndi invoisi yake yolembedwa bwino. Zimandikhudza ndikaziona, mabuku oyera osadetsedwa pa ntchito yolanda anthu dziko lawo.

Tsopano nthenda yatsopano ija. Kazembe akufuna nsapato 2,000. Alembere nduna ya zankhondo. Nduna ilembere Treasury. Treasury iuze Tench Francis. Francis apeze osoka, agule, apereke ku sitozi kwa Hodgdon. Hodgdon adikire chilolezo cha nduna kuti atulutse, akweze ngolo kupita kwa Craig, Craig adikire madzi. Maunduna awiri, manja asanu kapena asanu ndi limodzi, kalata iliyonse masabata panjira, ndipo nsapato zikachedwa aliyense ali ndi pepala losonyeza kuti iyeyo mbali yake anachita. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma apa womva m'mimba anali ku Ohio, kiyi ali ku Philadelphia m'thumba la unduna wina. Kuba kunavutirako inde, koma mwini wake wa vuto anasowa. Onjezani kuti matenda a yellow fever ankagwa mu Philadelphia, 1793 ndi zaka zina zotsatira, zaka zina maofesi n'kumathawira ku Trenton ndi mabokosi a mapepala. Panalinso ndale, lamulo la 1792 lija linamukomera kwambiri Hamilton chifukwa linamupatsa dzanja m'nkhani za asilikali, moti mu 1794 pa kuukira kwa alimi okana msonkho wa wisiki ku Pennsylvania, Knox ali ku Maine kukaona malo ake, Hamilton ndi amene anayendetsa zonse zokonzekeretsa militia pafupifupi 13,000.

Sitima zankhondo ndi zimene zinaonetsa poyera kuti kaofesika kalemedwa. Mu 1794 Congress inavomereza sitima 6 ndi bajeti ya madola 688,888. Wojambula mapulani Joshua Humphreys anafuna mtengo wolimba wa live oak, womwe amachita kukadula ku zisumbu za ku Georgia, odula ochokera kumpoto akudwala malungo, ntchito yambiri n'kugwiridwa ndi akapolo obwerekedwa kwa eni minda. Sitima iliyonse inkakhomedwa pa doko lakelake kuti ma state ambiri adyepo. Pofika 1797 zinali zitalowa m'madzi zitatu zokha, United States, Constellation ndi Constitution, ndipo zitatuzo zinadya ndalama zoposa zimene zinaikidwira zonse 6. Nduna ya nthawiyo James McHenry, dokotala wa ku Maryland yemwe analowa mu 1796 pambuyo pa Timothy Pickering, anafunsidwa mafunso ovuta ku nyumba ya malamulo, ndipo pa 30 Epulo 1798 anamulanda sitimazo n'kupanga unduna wa Navy pansi pa Benjamin Stoddert. Mu Julayi chaka chomwecho, nkhondo ndi France ikununkha, Congress inabweza mphamvu yogula ku maunduna a asilikali. Zaka 6 zokha, lamulo latembenuzidwa. Koma akauntanti anatsalabe pamalo pake.

Ndipo musaganize kuti Treasury inali ndi diso lakuthwa kuposa ena pa makontilakiti. Mu Juni 1798 inasayina ndi Eli Whitney, yemwe anali asanapangepo mfuti ndi imodzi yomwe, kuti apange mfuti 10,000 pa madola 13.40 iliyonse m'miyezi 28, adivansi n'kupatsidwa. Mfuti zomaliza zinafika mu 1809. Mwayi wake boma linali litayamba kupanga zake ku Springfield kuyambira 1795, kenako ku Harpers Ferry.

Mu Meyi 1800 pulezidenti John Adams anamuchotsa McHenry, m'malo mwake munalowa Samuel Dexter, ndipo chaka chomwecho boma linasamukira ku Washington, mzinda womwe unali matope ndi nyumba zosatha. Unduna unapanga lendi nyumba ina mu Pennsylvania Avenue. Usiku wa pa 8 Novembala 1800 nyumbayo inapsa, mapepala a ofesi ya nduna a zaka zonsezi n'kusanduka phulusa. Mu Januwale 1801, Dexter yemweyo atangosamutsidwira ku Treasury, kumenekonso kunabuka moto. Adams anali atangoluza chisankho, chipani cha Thomas Jefferson chikubwera kudzatsegula mabuku, nde mukudziwa kale zimene nyuzi zotsutsa zinalemba, kuti awotcha dala. Aphungu anafufuza, umboni woti munthu anayatsa sunapezeke.

Kwa zaka pafupifupi 200 olemba mbiri ankangoti za undunawu zinapsa basi. Koma mukukumbuka kukopera kuja? Makalata ambiri amene anatuluka mu ofesi anakafika kwa anthu amene anawasunga, ndipo ambiri amene analowa, owatumiza anali ndi makope ake m'mabuku awo, Craig ku Pittsburgh, Wayne, Hodgdon, Knox kunyumba kwake, abwanamkubwa a ma state, Treasury. M'zaka za m'ma 1990 wolemba mbiri Ted Crackel anayamba kuyendayenda m'malaibulale ndi mosungira zakale kutolera makope amenewa, ntchito inadzapitirira ku George Mason University, ndipo anasonkhanitsa zikalata zoposa 40,000. Mukazitsegula, za mapulani a nkhondo ndi zochepa. Zambiri ndi Hodgdon akufunsa Craig ngati migolo ya wonga yafika youma, Simmons akuuza lefutenanti wina kuti akaunti yake siitsekedwa mpaka atumize malisiti, ndi ma return a mabulangete, maketulo ndi nsapato.